Kwa mlongo amene anauzidwa kuti ali ndi mzimu wa kukayika

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa kuyunivesite amene amayimba kwaya kumpingo kwawo. Anaona kanema pa YouTube wonena kuti Baibulo limadzitsutsa lokha, chifukwa Mateyu akuti Yudasi anadzimangirira pomwe buku la Machitidwe likuti anagwa chamutu n'kuphulika pamimba. Atapita kukafunsa mkulu wa mpingo, anamuyankha kuti walowedwa ndi mzimu wa kukayika ndipo akufunika mapemphero. Funso lake n'lakuti, kodi akadali Mkhristu, nanga ayandikire ku Mgonero kapena ayambe wadikira?

Mlongo wanga, imelo yanuyi yandisowetsa tulo. Nkhani ya Yudasi ndiyankha, koma chimene chandibaya mumtima ndi mawu amene anakuuzaniwo, chifukwa ine ndinawamvapo mawu otere pamaliro a mayi anga.

Mayi anali munthu wa Mulungu weniweni. Lachinayi lililonse ankachita kusita bulauzi yawo yoyera ndi simbi yamakala kupita kumsonkhano wa amayi, ndipo nyimbo za m'buku ankaziyimba osayang'anamo. Atayamba kudwala, kuchipatala anapeza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene atha amayi ambiri kuno kwathu, ndipo anati tachedwa nawo. Anatipatsa mankhwala amadzi ochepetsa ululu n'kutiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Apa m'pamene wachibale wina anatibweretsera mneneri. Munthuyo Baibulo ankalidziwa, mavesi ankachita kutuluka okha mkamwa. Anawerenga Marko 11:24, kuti chilichonse chimene mupempha khulupirirani kuti mwalandira, kenako Yakobo 1:6 ndi 7, kuti wokayika asayembekeze kulandira kanthu kwa Ambuye. Atatseka bukulo anati mayi achira kale kumwamba, chatsala n'choti ife tisonyeze chikhulupiriro. Kusonyeza kwake kunali kuwiri, kufesa mbewu ndi kusiya mankhwala. Mbuzi tinagulitsa. Botolo lija analiyika pamwamba pa kabati.

Zimene ndinaona usiku wa masiku amenewo sindidzaziyiwala. Mayi atagona pamphasa, thukuta lili kamukamu, ankaluma nsonga ya chitenje kuti ife ana tisamve kubuula kwawo. Ankaopa kuti akabuula ndiye kuti akayika. Tangoganizani, munthu ali pa ululu wotere, koma mantha ake aakulu ndi oti angakhumudwitse Mulungu. Bambo anapirira mpaka zinawakwana, anadzuka pakati pa usiku, anatsitsa botolo lija n'kuwamwetsa. Mayi anagona tulo koyamba. Patapita milungu ingapo anatisiya.

Pasiwa, ndikudutsa kuseri kwa nyumba ndi ndowa ya madzi, ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti munthuyu akanachira, koma m'nyumbamo munali wina wokayika. Ine ndinkadziwa kuti chiyambire tsiku loyamba sindinamukhulupirire mneneri uja. Ndinasenza mawu amenewo zaka zambiri ngati kuti ndine ndinapha mayi anga. Baibulo ndinalitseka. Kutchalitchi ndinkapita chifukwa cha bambo basi, ndinkakhala kumbuyo, ndipo tsiku la Mgonero ndinkatuluka msanga.

Amene anandibweza sanali katswiri wa zaumulungu. Anali gogo wina, mphunzitsi wopuma ntchito, amene magalasi ake anali omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ndipo Buku Lopatulika lake lankakhala m'jumbo ya shuga kuopa mvula. Tsiku lina ndinamuuza zonse, ndi mkwiyo womwe, mpaka kunena kuti sindikudziwa ngati Mulunguyo amamva. Sanandidzudzule. Ananyowetsa chala, anatsegula Salimo 88 n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza. Salimo limeneli ndi la munthu amene wafuula usana ndi usiku osayankhidwa, akufunsa Mulungu chifukwa chake wamutaya ndi kumubisira nkhope. Masalimo ambiri odandaula amathera pa kutamanda, koma ili ayi. Limatha munthuyo akunena kuti abwenzi ake onse amuchotsera, watsala ndi mdima. Nditamaliza, gogoyo anangoti, "Waona? Imeneyi ndi nyimbo, ankayimba popembedza. Mulungu analola kuti ikhale m'buku lake." Kenako ananditsegulira Yobu 42:7, pamene Mulungu akukwiyira anzake a Yobu atatu aja, amene ankamuteteza Mulunguyo ndi mayankho osalala, n'kunena kuti sananene zoona za Iye monga anachitira Yobu. Yobu yemwe uja anatemberera tsiku limene anabadwa.

Ndiye ndinene mosapsatira. Munthu amene amakuuzani kuti kufunsa za Baibulo ndi chiwanda sakuteteza Baibulo. Nthawi zambiri akuteteza mpando wake, kapena akubisa kuti yankho alibe. Ndikanakonda mkulu wanu uja akanangoti, "Mwana wanga, funsoli landikulira, tiye tikafunse abusa." Pamenepo ulemu wake ukanakula. Makolo athu anati safunsa anadya phula, koma zafika poti m'mipingo ina wofunsayo ndi amene akuonedwa ngati wodwala, pomwe womeza chilichonse akutchedwa wauzimu. Zimenezi zikutipweteka. Ndi zimene zachititsa kuti anthu azigula timabotolo ta madzi ndi mafuta pa mtengo wa thumba la chimanga, kuti ena asiye ma ARV atauzidwa kuti achira, kuti mayi wamasiye apereke ndalama ya fizi ya mwana poopa temberero. Onsewa amawawerengera vesi. Satana nayenso poyesa Yesu m'chipululu anatchula Salimo 91, ndipo anatchula molondola. Kutchula vesi si umboni woti munthu ali pansi pa ulamuliro wa Malemba.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa mbiri ili ndi phunziro lowawa pa nkhaniyi. Amishonale a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anafika ku Mvera mu 1889, ndipo m'modzi mwa amene anabwera pambuyo pawo, William Murray, ndi amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatha mu 1922. Tili nawo mangawa aakulu. Koma mpingo womwewo kwawo unadzagwiritsa ntchito Malemba, monga nkhani ya nsanja ya Babele, pophunzitsa kuti Mulungu amafuna kuti mitundu ikhale yolekana, ndipo unadalitsa tsankho la apartheid. Abusa amene ankalalikira zimenezi sankakayika ngakhale pang'ono. Amene anakayika ndi anthu ngati Beyers Naudé, mbusa wa mpingo womwewo, amene anabwerera ku Baibulo n'kupeza kuti zimene anakula akumva mulibemo. Mu 1963 anataya udindo wake chifukwa cha zimenezo, anthu a mtundu wake anamutcha wogulitsa. Mu 1982 mipingo ya Reformed ya dziko lonse itakumana ku Ottawa m'dziko la Canada inagamula kuti chiphunzitso chimenecho n'chonyenga, ndipo mu 1986 mpingo wakewo unavomera kuti unalakwitsa. Ndani analemekeza Malemba pamenepa, otsimikiza aja kapena wokayikayu? Iye sanakayikire Mulungu, anakayikira zimene anthu ankanena m'dzina la Mulungu, ndipo zinthu ziwirizi anthu ambiri amazisokoneza dala.

Ndikudziwa kuti wina andilembera kuti nanga Yakobo uja? Werengani kuyambira vesi 5. Akunena za munthu wopempha nzeru, ndipo amene akumudzudzula ndi wa mitima iwiri, wofuna Mulungu uku akugwiranso kwina. Sakunena za mtsikana amene wawerenga mavesi awiri mosamala n'kuona kuti akusiyana. Inu mwachita zimene anachita anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11, amene ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo ankanena zinali zoona, ndipo Luka, wolemba bukulo, anawayamikira. Ngati Paulo ankafufuzidwa, mkulu wa mpingo ndani kuti asafunsidwe?

Ndipo taonani anthu amene Baibulo silinawabise. Yohane Mbatizi, amene analoza Yesu kuti ndiye Mwanawankhosa wa Mulungu, ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu analidi wakudzayo kapena ayembekezere wina. Yesu anamutumizira umboni, kenako anauza khamu kuti mwa obadwa mwa akazi sanaoneke wamkulu woposa Yohane. Bambo wa mwana wodwala uja pa Marko 9:24 anati akukhulupirira koma athandizidwe pa kusakhulupirira kwake, ndipo mwana wake anachira ndi chikhulupiriro chotsimphina chomwecho. Tomasi anakana kukhulupirira za kuuka, koma patapita masiku asanu ndi atatu anali akadali pakati pa anzake, palibe anamuthamangitsa. Inde Yesu anamuuza kuti odala ndi amene akhulupirira asanaone, koma anayamba wamuonetsa manja ndi nthiti. Ngakhale paphiri la ku Galileya, Yesu atauka ali pamaso pawo, Mateyu 28:17 akuti anamulambira koma ena anakayika, ndipo ndi gulu lomwelo limene analituma ku mitundu yonse.

Tsono za Yudasi

Kusiyanako kulipodi, musalole munthu akuuzeni kuti maso anu akunama. Mateyu 27:5 akuti anadzimangirira, ndipo ansembe ndi amene anagula munda ndi ndalama zija. Machitidwe 1:18 akuti iye anadzigulira munda, anagwa chamutu n'kuphulika. Kuyambira kale ena amafotokoza kuti anadzimangirira, kenako mtembo unagwa n'kuphulika, ndipo mundawo unatchedwa wake chifukwa ndalama zinali zake. Mwina zinatero. Ine sindikakamira pamenepo. Chimene onse awiri akugwirizana n'choti ndalama ya chiwembu inagula munda, mundawo unatchedwa wa magazi, ndipo Yudasi anafa imfa yoopsa.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'choti Akhristu oyamba ankaziona zimenezi. Sanali opusa, ndipo mabukuwa ankawadziwa kuposa ife. Cha m'ma 170 munthu wina dzina lake Tatian anaphatikiza Mauthenga Abwino anayi kukhala nkhani imodzi yosalala, ndipo mipingo ya ku Siriya inagwiritsa ntchito buku lakelo zaka zambiri. Koma pamapeto pake mpingo unasankha kusunga anayiwo payekhapayekha, ndi kusiyana kwawo komwe. Anthu ofuna kunamiza dziko akanafufuta. Iwo anasiya mboni iliyonse ilankhule monga inalankhulira. Ndikuuziranitu zina musanazipeze pa foni: 2 Samueli 24:1 ndi 1 Mbiri 21:1 akusiyana pa za amene anautsa Davide kuti awerenge anthu, ndipo mavesi omaliza a Marko, kuyambira 16:9, mulibe m'mipukutu ina yakale kwambiri. Mabaibulo ambiri amakono amalemba zimenezi m'munsi mwa tsamba, si chinsinsi. Baibulo si dzira loti mukaligunda pang'ono lisweka. Lafunsidwa mafunso ovuta kuposa anuwa kwa zaka pafupifupi 2,000 ndipo likuwerengedwabe.

Kwa ine ulamuliro wa Malemba ndi wakuti ndikamawerenga, bukuli limandiweruza, limandiuza zimene sindikufuna kumva, kuti ndikhululukire, kuti ndisadye za amasiye, kuti Yesu amene anafa ndi kuuka ndiye Ambuye osati ine. 2 Timoteo 3:16 akuti Malemba anauziridwa ndi Mulungu ndipo ndi opindulitsa pophunzitsa, potsutsa, pokonza ndi polangiza m'chilungamo. Zimenezi ndimazikhulupirira ndi mtima wonse. Koma vesili silikunena kuti mudzamvetsa zonse, ndipo Petro yemwe anavomera pa 2 Petro 3:16 kuti m'makalata a Paulo muli zina zovuta kuzimvetsa. Silikunenanso kuti aliyense wonyamula Baibulo walandira ulamuliro wa Baibulolo. Mneneri uja ndinamukhululukira movutikira, koma sindidzavomera kuti zimene anachita kwa mayi anga zinachokera m'buku limeneli. Ndimakwiyabe ndikaona achinyamata anzeru akuchoka mumpingo, osati chifukwa anapeza funso lopanda yankho, koma chifukwa tsiku limene anafunsa anawachititsa manyazi pamaso pa anthu. Yuda 22 akutilamula kuchitira chifundo okayika. Lamulo limeneli nalonso ndi Malemba, ndipo amene amafuula kwambiri za ulamuliro wa Baibulo ayambe alimvera.

Ndiye mlongo wanga, inde, mukadali Mkhristu, ndipo ku Mgonero pitani. Kwaya musasiye. Werengani Marko yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati timavesi toduladula ta m'makanema, ndipo mafunso anu muziwalemba m'kope. Pezani munthu wamkulu m'chikhulupiriro amene saopa kunena kuti sakudziwa, akhale abusa anu kapena mayi wina wachikulire, muziwerenga naye limodzi. Mkulu uja musamunyoze, koma ngati angakuitaneni kuti akakutulutseni chiwanda chifukwa cha funsoli, mukaneni mwaulemu ndipo nkhaniyi mukaitule kwa abusa.