Yankho kwa achemwali amene mwafunsa za geni ya ku Harare

Achemwali, mwafunsa kuti geni ya ku Zimbabwe imayenda bwanji, ndiponso ngati munthu wamayi angathe kupita yekha ku Harare n'kubwerako bwino pamene chuma cha dzikolo sichikuyenda. Ndikuyankhani chifukwa ndinu mwana wakwathu kuno ku Dedza, ngakhale kuti zambiri zimene ndikudziwa ndinazilipira ndi mpamba wanga ndipo palibe amene anandiuza mwaulere.

Anthu amene sanapondeko amaganiza kuti choopsa kwambiri kumeneko ndi mbava. Mbava ziliko ndithu, makamaka ku Mbare kumene kuli msika waukulu ndi depoti ya mabasi, ndipo amene amatulutsa foni pakati pa chinamtindi cha anthu amalira monga momwe angalirire ku depoti ya ku Lilongwe. Koma pa zaka zonse zimene ndayenda msewu umenewu, palibe munthu wa ku Zimbabwe amene anandilozapo mpeni. Chimene chimagwetsa munthu wa geni kumeneko ndi ndalama ya dzikolo.

Chakumapeto kwa 2018 ndinanyamula mpunga wa Kilombero ndi mabelo a zitenje ochuluka kuposa kale lonse, pakuti ndinali nditatenga ngongole ku banki mkhonde, n'kuwonjezerapo katapila kwa bambo wina wa ku Lizulu. Mayi amene ankandigula katundu ku Harare anali munthu wachilungamo ndipo tinali titachita malonda nthawi yaitali, koma anandiuza kuti madola apamanja sakupezeka, anthu akugona pamizere ya kubanki. Anaika ndalama zanga zonse mu akaunti ya msuweni wanga amene amakhala ku Highfield, ku Harare komweko, ndipo tonse mitima inali pansi chifukwa kuyambira mu 2016 boma linkanena kuti ndalama zake zapepala zotchedwa bond note ndi ndalama za mubanki n'zofanana ndi dola ya ku America.

Ndinabwererako mu Januwale 2019 kuti ndikatenge ndalamazo, ndipo ndinafika sabata imene boma linakweza mtengo wa mafuta a galimoto kuposa kawiri. Anthu anachita zionetsero, masitolo anatsekedwa, asilikali anadzaza m'misewu, ndipo intaneti inazimitsidwa dziko lonse. Ndinabindikira m'nyumba ya msuweni wangayo osatha ngakhale kutumiza uthenga wa WhatsApp kwa ana anga, amene kuno ankangomva pawailesi kuti anthu akuwomberedwa. Zitachita bata, banki inkapereka tindalama tochepa patsiku, ndipo ndinabwerera kumudzi chimanjamanja. Mwezi wotsatira boma linalengeza kuti ndalama za mubanki tsopano ndi ndalama ina yapayokha yotchedwa RTGS dollar, kuyambira pa 2.5 pa dola imodzi, pamene mumsewu mtengo unali utapitirira kale pamenepo ndipo unkakwera tsiku ndi tsiku. Mu Juni analetseratu kugula zinthu ndi ndalama zakunja, ngakhale kuti lamuloli linadzachotsedwa pambuyo pake. Pamene ndalama zanga zinkandipeza, sizinakwane ngakhale kubweza chiwongoladzanja cha katapila uja. Ndinagulitsa ng'ombe zanga ndi dimba la kachewere limene anandisiyira malemu mayi anga, ndipo amayi anzanga a kubanki mkhonde anabwera kudzanyamula mipando ya pabalaza ana anga akuona. Ena mwa anzanga amene anakumana ndi zomwezi anasiyiratu geni, koma ine ndinayambiranso ndi mpukutu umodzi wa zitenje, ndipo lero nyumba yanjerwa imene mumaiona ija ndinamanga ndekha popanda thandizo la mwamuna.

Choncho musalole malipiro ena alionse kupatula madola a ku America amene mwawagwira ndi kuwawerenga nokha. Dziko lija linasindikizapo pepala la ndalama la 100 trillion mu 2009, ndipo ndalama yawo yatsopano yotchedwa ZiG imene anaitulutsa mu Epulo 2024 inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 mu Seputembala chaka chomwecho. Musawaseke anzathuwo, popeza kwacha yathu nayonso inagwetsedwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Nyamulani mapepala ang'onoang'ono a dola imodzi, asanu ndi khumi chifukwa chenji n'chovuta, koma pobwerera muzikana madola akuda ndi ong'ambika, amene kumeneko amayenda bwinobwino pamene kuno osintha ndalama amawakana kapena kuwadula mtengo. Osintha ndalama a mumsewu ku Harare apolisi amawagwira, ndipo inu muli mlendo simudzapeza wokuyankhulirani.

Njira yake aliyense amaidziwa: mukatuluka pa Dedza mwalowa Calomue ku Mozambique, mudutsa Angonia kumene anthu amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi, kenako Moatize, Tete ndi mlatho wa pa Zambezi, Changara, Cuchamano, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Ku Tete kumatentha koopsa kwa munthu wozolowera mphepo ya ku Dedza, ndiye madzi akumwa asakuthereni. Musanakwere basi muziyamba mwafunsa madalaivala a mathiraki za mmene kulili ku Mozambique, chifukwa chisankho cha mu Okutobala 2024 chitatha, zionetsero zinatseka misewu ndipo galimoto zambiri zinagona m'malire.

Amene sindidzawakhululukira ndi ena mwa anthu ovala yunifolomu a m'njiramu. Pa ulendo uja ndinkabwerera chimanjamanja, pachipata china bambo wina anatenga pasipoti yanga n'kuiika m'thumba la malaya ake, akunena kuti chidindo sichikuoneka bwino, chonsecho anali atachidinda mnzake wa patebulo loyandikana nalo. Basi inkaliza hutala, kondakitala akundikalipira, ndipo bamboyo ankangoyang'ana kumbali kudikira kuti ndimasule mfundo ya pachitenje changa. Anatenga ndalama imene ndinasungira chakudya cha panjira. Pali dongosolo la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko ena a mu Africa, lotchedwa Simplified Trade Regime, limene Malawi ndi Zimbabwe anagwirizana kuti amalonda ang'onoang'ono azidutsa ndi fomu yosavuta pa katundu wina wopangidwa m'mayikowa, koma anthu oterewa sangakuuzeni, chifukwa umbuli wanu ndiwo munda wawo. Mozambique sili mu COMESA, choncho kumeneko mumangodutsa ndipo musamasule katundu kuti mugulitse. Pa ndalama iliyonse imene mwalipira muziumirira lisiti, ndipo madobadoba amene amakuthamangirani kuti akudinditsireni pasipoti musawapatse ngakhale kuti angoigwira.

Madzi a pampopi ku Harare musamwe. Kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dzikolo pakati pa 2008 ndi 2009, ndipo inabukanso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro, madera a mu Harare. Ngati muli ndi mankhwala amene mumamwa tsiku lililonse, nyamulani okwanira ulendo wonse ndi ena apadera, chifukwa m'mafamase amafuna madola. Za ndale za dziko la eni musazitchule mubasi kapena pamsika ngakhale wina atakuyambani, ndipo musajambule asilikali, apolisi kapena nyumba za boma. Ulendo woyamba musatenge katundu wangongole, ndipo wina aliyense akadzakuuzani kuti musiye katundu adzakulipirani ulendo wamawa, ngakhale akhale mbale wanu, nyamulani mabelo anu mukagulitse kwina.