Alenkiyo ikeni pansi kaye achimwene

Achimwene, mwati mukulimbana ndi kumasula pulagi pa injini ya Probox yanu. Alenkiyo, kachitsulo kopindika kamakona sikisi komasulira kaja, ikeni pansi kaye. Ngati pulagi ya pa kava ya tcheni ya taimingiyo yayamba kale kuterereka monga mukuneneramu, mukangokokanso kamodzi kabowo kake kakhala kozungulira ngati kamwa la botolo, ndiye mulira mmene ndinalirira ine mu Julayi chaka chatha.

Yanga ndi Sienta, injini yake 1NZ yomweyo ili mu Probox yanuyo. Inkayenda Mzuzu - Nkhata Bay tsiku ndi tsiku. Itayamba kukhotchola mmawa poliza, kenako makina oyezera galimoto n'kuonetsa P0016, nambala yosonyeza kuti taimingi yasokonekera, ndinati tcheni yatha iyi, ndisintha ndekha Loweruka, Lolemba ndili pamsewu. Ndinaikweza pa jeke kuseri kwa nyumba ku Chibavi, tayala lakumanja pansi, foni pa batire ikuonetsa mzungu wa pa YouTube. Iye kapulagiko anangokapotokola ndi zala ziwiri. Ine ndinalowetsa alenki ya 8, kukoka, zii. Kuthira WD-40, mafuta opopera ofewetsa dzimbiri aja, kudikira, kukoka, zii. Mvula yowaza ija ya kuno inali itayamba, zala zauma ndi chisanu, malo ake pakati pa injini ndi bodi oti dzanja limalowa chammbali. Ndinatenga paipi n'kuveka ku alenki. Ndinamva kufewa, mtima n'kuti yamasuka! Ayi ndithu. Inali alenki ikupotoka ngati chingwe cha mbuzi, makona onse a m'kabowo atadyeka, chala changa chapakati chitasenda pa bawuti ya mounting yogwirira injini, magazi ndi oyilo osasiyanitsika.

Apa munthu wanzeru akanalowa m'nyumba kukamwa tiyi. Ine ndinatenga tchizulo ndi hamala. Cha m'ma 5 koloko, kukuda kale, magetsi atazima, mwana wanga wagwira tochi ya foni akunjenjemera. Ndinamenya m'mphepete mwa pulagi kuti izungulire. Kamodzi, kawiri, kachitatu tchizulo inaterereka n'kukalasa kava. Sizinamveke mokweza ayi, kaphokoso kakang'ono ngati waponda chigoba cha dzira. Nditaunikira ndinaona kamzere kowonda ngati tsitsi kuchokera pa pulagi kutsika mmunsi. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Mayi a kunyumba anatuluka, anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, anangoti "nsima yapsa" n'kubwerera. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuposa akanandikalipira. Ndipo dziwani kuti pa 1NZ pampu ya oyilo imakhala mu kava momwemo, ndiye si kachitsulo koti mungomata n'kuiwala.

Koma amene ndimamukwiyira kwenikweni ndi makaniko amene anagwira injiniyi ndisanaigule. Sindimudziwa, koma ngati muli m'gulu muno bambo inu, Mulungu akukuonani. Buku la Toyota limati kapulagi kameneka kamangidwe 15 Nm basi, mphamvu ya dzanja limodzi. Itadzatuluka tinapeza mazinga onse ali phaa ndi guluu wouma gwa, uja wosakaniza machubu awiri womatira ma radiator. Guluu pa pulagi! Ndiye WD-40 akanalowera pati? Winanso ndi mnyamata wa mumsika amene anandigulitsa ma alenki akulumbira kuti "awa ndi orijino bwana, a ku Germany". Germany wake uti wopindika ndi paipi ya theka la mita? Nditabwerera nayo anandiuza kuti ndinagwiritsa ntchito molakwika. Chabwino, paipi ndinavekadi, koma chitsulo chenicheni chikanayamba chalimbako.

Lolemba mmalo mopita ku Nkhata Bay ndinagwira injini ndi jeke kunsi, kuchotsa mounting, pule, water pump, kava yonse n'kutuluka. Ndinaikulunga m'thumba la feteleza, pa kabaza mpaka ku Luwinga kwa mdala wina wowotcherera. Anaika nati pamwamba pa pulagi, kuwotcherera mkati mwa natiyo, kudikira pang'ono, sipanala, pulagi n'kutuluka ngati sinakanirepo. Kutentha kuja kunapsereza guluu, komanso aluminiyamu amafutukuka msanga kuposa chitsulo ndiye amaisiya yokha. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi mwana wanga, umati usinthe tcheni yonse?" Ndinati eya. "Nanga pulagiyi umaichotseranji, poti kava imatuluka yonse?"

Ndinasowa choyankha. Kabowo kameneko ntchito yake ndi yolowetsapo sikuludiraiva kuti ufewetse tensioner, kachida kokunga tcheni, pamene ukuchotsa ma camshaft, mipini yotsegula ma valavu, kava ili pomwepo. Mzungu wanga uja ankasintha giya ya VVT-i, ya kumutu kwa camshaft, osati tcheni. Ndinaswa kava chifukwa cha pulagi yomwe sinkanditsekereza njira n'komwe. Mng'alu uja mdalayo anati atha kuyesa, koma sangalonjeze kuti sudzadontha, ndiye ndinakasaka kava ya injini yophwasula. Sabata yathunthu galimoto ili pa jeke, anzanga akudyerera makasitomala anga.

Ndiye inu yambani mwadzifunsa chomwe mukusintha. Ngati ndi tcheni, ma guide ake oiwongolera ndi tensioner, pulagiyo isiyeni, mukalimbana nayo kava ili pa tebulo kapena osalimbana nayo n'komwe. Ngati mukufunadi kabowoko, kolokosani dothi lonse m'kati ndi waya kuti chida chifike pansi, gulani soketi ya hex ya 8 yabwino osati alenki yopindika ija, tenthetsani kava mozungulira pulagi, injini ikhale yofunda. Makona akadyeka khomereranimo Torx, soketi ya mutu wa nyenyezi ija, yokulirapo pang'ono. Hamala musaiyandikize pa kava, ndanena. Komabe kugogoda pang'ono pamutu pa soketi kumathandiza kuthyola zomatira, ine ndimagogodabe, bola dzanja likhale lopepuka. Zowotcherera nati injini ili m'galimoto, chotsani kaye batire ndipo pukutani oyilo yense.

Kunena zoona ntchito iyi ipatseni makaniko. Inde ndi makaniko yemweyo anandithirira guluu, ndipo yanga ndinamaliza ndekha, mpaka pano ikukwera mapiri a ku Nkhata Bay osakhotchola, koma mtima wanga unatsala pang'ono kuima. Mukaumirira, pisitoni yoyamba ikhale pamwamba, chizindikiro cha pule pa 0, mfundo zamtundu za tcheni zigwirizane ndi zizindikiro za magiya onse atatu, ndipo zungulitsani injini ndi dzanja kawiri musanatseke. Mukamata kava dikirani maola awiri musanalize.

Tumizani chithunzi cha kabowoko tione pomwe mwafika. Soketi ya 8 ndili nayo, ndimapezeka ku depoti mmawa uliwonse isanakwane 7, koma mudzabweze.