Funsani Makaniko: Zida zomangira pulley yowonjezera mphamvu pa Hilux

FUNSO: Bambo Makaniko, ndili ndi Toyota Hilux D-4D ya 2.5 yomwe ndimanyamulira mpunga kuchokera ku Karonga kupita ku Lilongwe. Ikafika pa Chiweta imakwera mofooka. Mlamu wanga wa ku Johannesburg wanditumizira pulley ya pa crank (gudumu loyendetsa lamba kutsogolo kwa injini) ya aluminiyamu, yopepuka komanso yocheperapo kusiyana ndi yomwe ilipo, akuti imawonjezera mphamvu. Ndikufuna kuimanga ndekha. Ndipeze zida ziti? — Wowerenga wa ku Karonga

YANKHO: Achimwene, zida ndikuuzani, koma mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa pulley imeneyi pa galimoto yanuyo sindikugwirizana nayo.

Ntchito yonse yagona pa bawuti imodzi, ya pakati pa pulley. Pa injini za KD, monga 2KD ya mu Hilux yanuyo, bawuti imeneyi imamangidwa mopitirira 300 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti). Sipanala wamba sangaigwedeze. Mukufunika soketi yolimba ya makona 6, yosagwedera pamutu wa bawuti, ndi chitsulo chachitali chomasulira cha mutu wa 3/4 inchi. Zing'onozing'ono za 1/2 zimapindika kapena kuthyokera m'manja.

Vuto ndi loti mukakoka bawutiyo, injini nayo imazungulira. Pafunika chogwirira pulley. Ichi simukuyenera kuchigula: pa pulley yakaleyo pali mabowo a mazinga, ndiye wowotcherera zitsulo angakukonzereni chitsulo chokhuthala chokhala ndi mabowo ofanana nawo, mkono wake n'kutsamira pa chassis. Amakaniko ambiri amangotsamiritsa chitsulo pansi n'kuliza sitata kuti bawuti imasuke yokha. Njira imeneyi imatheka, koma chitsulo chikapulumuka chimaboola rediyeta kapena kuthyola mwendo wa munthu. Ine kugalaja kwanga sindilola mwana wa ntchito aliyense kuchita zimenezi.

Bawuti ikatuluka, pulley imakhalabe itakakamira. Apa ndi pofunika puller, chida chozulira pulley, koma ikhale yomangira m'mabowo a mazinga aja. Ya zala zitatu yokola m'mphepete imazula chitsulo chakunja n'kung'amba mphira wa pakati, ndipo pulley yoteroyo yatha ntchito. Musaitemenso ndi tchizulo. Ikatuluka yang'anani kakiyi kakang'ono komwe kamakhala mu mpata wa pa crank. Kamagwa mosamveka, ndipo kakatayika mu fumbi mutaya tsiku lonse mukukafuna.

Pobwezera, hamala ikhale kutali. Kukhoma pulley kumapweteka mabering'i a m'kati mwa injini. Pakani oyilo pang'ono, lunjikani mpata ndi kakiyi kaja, ilowe mowongoka. Kenako torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu imene mwamangira bawuti. Zambiri zomwe zili m'magalaja athu zimathera pa 200 Nm kapena kupitirirapo pang'ono, choncho mubwereke yaikulu, ndipo nambala yeniyeni muitenge m'buku la injini yanu. Bawuti imeneyi ikamangidwa mongoganizira, pulley imayamba kugwedera n'kudya mphuno ya crank, ndiye kuti injini yonse itsika.

Zotsalazo n'zodziwika: masipanala a 10, 12 ndi 14 ochotsera fani ndi chivindikiro chake, WD-40, miyala yotsekera matayala, ndi katoni yophimba rediyeta kuti zitsulo zisaphwanye timizere take. Chotsani waya wa negative pa batire musanagwire chilichonse, ndipo jambulani pa foni momwe lamba wadutsira. Mugulenso oil seal yatsopano ya kutsogolo poti mwafikapo kale, komanso lamba wamfupi, chifukwa wakaleyo adzakhwepa pa pulley yaing'ono.

Tsopano nkhawa yanga. Tengani pulley yakaleyo muiyang'anitsitse. Pakati pa chitsulo cham'kati ndi chakunja muona mzere wakuda wa mphira. Pisitoni iliyonse ikaphulitsa dizilo, crank imapotoka pang'ono n'kubwerera, ndipo mphirayo pamodzi ndi kulemera kwa chitsulo chakunja ndi zimene zimameza kunjenjemera kumeneko. Injini ya dizilo imamenya mwamphamvu kwambiri kuposa ya petulo. Pulley ya aluminiyamu yopanda mphira imasiya crank, pampu ya oyilo ndi mabering'i zikulandira nkhonya zonsezo zokha. Simungamve kanthu sabata yoyamba, koma galimoto yonyamula matumba a mpunga mtunda wautali chotere ndi imene imavulala msanga.

Komanso pulley yotere sipanga mphamvu yatsopano. Imangochepetsa liwiro la zinthu zoyendera lamba, monga alternator, pampu ya madzi ndi fani, kuti injini isamatayeko mphamvu zambiri. Phindu lake limaonekera pa galimoto zampikisano zothamanga pa ma rev okwera. Inu pa Chiweta mumakhala mu giya 2, katundu ali thoo, kukutentha, nthawi yomwe mukufuna madzi azizungulira msanga. Kuchedwetsa pampu ya madzi pamenepo ndi kuitana overheating.

Hilux ikamafooka pokwera, ine ndimayamba ndi fyuluta ya mpweya ndi ya dizilo, mapaipi a turbo ngati ang'ambika kapena akhwepa, EGR (valavu yobwezera utsi wina mu injini) ngati yadzaza mwaye, kenako ma injector. Fumbi la misewu yathu limatseka fyuluta nthawi yake isanakwane. Onaninso mabuleki ngati sakugwira okha, ndi kulemera kwa katunduyo.

Ngati pulley ya alamu anuyo ili ndi mphira wake ndipo inapangidwira injini ya 2KD, mutha kuimanga. Mukamaliza, ikani rula yachitsulo pa ma pulley muone ngati ali pa mzere umodzi, lizani injini, yatsani magetsi onse ndi fani ya m'kati, muyeze batire ndi multimeter. Ikamawerenga pansi pa 13.5 V injini ikulira payokha, alternator sikukwanitsa, bwezeranipo yakale. Ngati ilibe mphira, isungeni m'katoni momwemo, ndalama ya lamba mugulire mafyuluta.