Kodi mapulaneti a nyenyezi zina nawo ali ndi miyezi?

Aphunzitsi ena a ku Luchenza anditumizira imelo, akuti mwana wa Fomu 2 anawafunsa kuti poti Jupiter ali ndi miyezi yambirimbiri, nanga mapulaneti ozungulira nyenyezi zina aja nawonso ali nayo? Ndipo ngati ilipo, bwanji sitikumva kuti yapezeka?

Aphunzitsi, mwanayo mumulimbikitse ndithu, funso limeneli likuwasowetsa tulo asayansi akuluakulu. Mpaka pano palibe mwezi olo umodzi umene watsimikizika kumeneko, chonsecho mapulaneti otsimikizika anadutsa kale 5,000 mu 2022. Koma zoti kulibe ine ndimakana. Dziko lathu lili ndi umodzi, Mars iwiri, Jupiter ndi Saturn nde osanena, Galileo anaona inayi ya Jupiter kalekale mu 1610, ndiye zingatheke bwanji kuti kwina konseko kukhale kopanda?

Vuto ndi kaonedwe kake. Mapulaneti ambiriwa sanajambulidwepo ayi, chimene amaona ndi nyenyezi ikuchepa kuwala pang'ono pulaneti ikamadutsa kutsogolo kwake, ndipo telesikopu ya Kepler yomwe NASA inatumiza mu 2009 ntchito yake inali imeneyi, kuyang'anitsitsa nyenyezi pafupifupi 150,000 osaphethira. Pulaneti yaikulu ngati Jupiter ikadutsa pa nyenyezi yonga dzuwa imachotsa 1 peresenti yokha ya kuwala, dziko lathuli silifika olo 0.01 peresenti, nanga kamwezi? Zili ngati muli pamwamba pa phiri la Mulanje usiku, mukuyang'ana babu la pa Chitakale, mukufuna kudziwa ngati ngumbi yadutsapo, komanso ngati pambali pake panali udzudzu.

Njira ina ndi wotchi. Mwezi nawo umakoka pulaneti yake, nde pulanetiyo nthawi zina imafika pamaso pa nyenyezi mofulumirirapo, nthawi zina mochedwerapo. Apa mpamene Alex Teachey ndi David Kipping a ku Columbia University anagwirira. Mu Okutobala 2017 analozetsa telesikopu ya Hubble kwa maola pafupifupi 40 pa pulaneti yotchedwa Kepler-1625b, ndipo inafika mphindi 78 nthawi yake isanakwane, itadutsa kuwala kunaoneka ngati kwatsikanso pang'ono. Mu 2018 ananena kuti mwina ndi mwezi, waukulu ngati Neptune! Koma mu 2019 Laura Kreidberg ndi anzake atawerenganso deta yomweyo ya Hubble ndi njira yawo, kutsika kwachiwiri kuja sikunaoneke. Kufulumira kokha si umboni, pulaneti ina yobisika ikhozanso kukoka chimodzimodzi.

Mu 2022 gulu la Kipping linatulutsa mwezi wina woganiziridwa, wa pa Kepler-1708b, wokula kuposa dziko lathu ka 2.6, ndiye mu 2023 René Heller ndi Michael Hippke anati onse awiri ngokayikitsa. Mkanganowu sunathe.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti mapulaneti oyenera kukhala ndi miyezi ndi amene ali kutali ndi nyenyezi yawo, poti pafupi kwambiri nyenyezi imalanda mwezi, koma akutaliwo amadutsa mwa apo ndi apo. Kepler-1708b imatenga masiku 737 kuti izungulire, moti Kepler inaiona ikudutsa kawiri kokha basi, nde kawiri mungamange nako mlandu?

Wina angati tikuvutikiranji. Miyezi iwiri, Europa wa Jupiter ndi Enceladus wa Saturn, ili ndi nyanja pansi pa madzi oundana, kusonyeza kuti malo a madzi, mwinanso a moyo, atha kukhala pa mwezi osati pa pulaneti yokha. Ndipo mu 2021 matelesikopu a ALMA ku Chile anaona bwino fumbi lozungulira pulaneti yongobadwa kumene ya PDS 70c, fumbi la mtundu umene umabala miyezi.

Nde m'kalasimo chonde aphunzitsi musawauze ana kuti mwezi unapezeka, olo mutaona mitu ya nkhani pa Facebook ikutero. Muwauze kuti pali awiri otchuka oganiziridwa, mayina ndi amenewo, ndipo akuluakulu akukanganabe.