Kodi Mkatolika akasuta fodya wachimwa? Ndikuyankha achimwene amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena, dzina sinditchula poti anapempha choncho. Ndaifupikitsa pang'ono koma nkhani yake ndi iyi:

"Ndine Mkatolika, ndakhala ndikusuta fodya zaka 14 tsopano, paketi imodzi imanditengera masiku awiri. Mnzanga wa kuntchito wa mpingo wina amandiuza kuti munthu wosuta kumwamba sakalowa. Akazi anga nawonso ayamba kunena kuti ndisamalandire Ukaristia mpaka nditasiya. Ndikapita kokalapa za fodya sinditchula chifukwa sindikudziwa ngati ndi tchimo. Kodi Mpingo umati chani? Kapena zaka zonsezi ndakhala ndikulandira molakwa?"

Achimwene, zikomo polemba. Ine si wansembe ayi, ndine mkhristu wamba wokonda kuwerenga basi, ndiye zomwe ndinene pano mukazifunsenso kwa Bambo Mfumu anu. Koma chomwe Mpingo unalemba chilipo ndipo sichobisika.

Mpingo wa Katolika sunanenepo kuti kusuta fodya pakokha ndi tchimo, ngati mmene umanenera za kuba kapena chigololo. Mu Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene Papa Yohane Paulo II anatulutsa mu 1992, fodya akutchulidwa pa ndime 2290. Ndinene m'mawu anga: khalidwe la kudziletsa limatithandiza kupewa kupyola muyeso pa chilichonse, kaya ndi chakudya, mowa, fodya kapena mankhwala. Taonani gulu lomwe fodya waikidwamo, ali limodzi ndi chakudya. Kudya si tchimo koma kususuka ndi tchimo, kumwa kapu ya vinyo si tchimo koma kuledzera ndi tchimo. Ndime yotsatira, 2291, imakamba za mankhwala ozunguza bongo ndipo pamenepo mawu ake ndi okhwima, imati kuwagwiritsa ntchito popanda chifukwa cha chipatala ndi kulakwa kwakukulu. Olemba akanafuna kuika fodya pa 2291 akanamuika, koma sanatero.

Ndiye mnzanu wa kuntchito uja zimene akunenazo mwina ndi chiphunzitso cha mpingo wake, ndi ufulu wake, koma si cha Katolika. Ndikukhulupirira anakuwerengerani 1 Akorinto 6:19, kuti thupi lanu ndi kachisi wa Mzimu Woyera, vesi imeneyi anthu amaikonda pa nkhani ya fodya. Mukawerenga mutu wonse muona kuti Paulo akudzudzula dama. Fodya m'Baibulo mulibemo ndipo sangakhalemo, chomerachi chinachokera ku America, anthu a ku Ulaya anachidziwa Columbus atafika kumeneko mu 1492. Sindikuti vesiyo ilibe ntchito, mfundo yoti thupi si lathu tokha ndi yoona, koma kungoitola ngati mwala n'kugendera wosuta, ayi.

Kambiri kakale pang'ono, poti kamandisangalatsa. Mu 1642 Papa Urban VIII analetsa fodya m'matchalitchi a ku Seville ku Spain, wophwanya lamulo amachotsedwa mu Mpingo. Mu 1650 Papa Innocent X anachita zomwezo pa tchalitchi cha Petulo Woyera ku Rome. Ena amaitenga nkhaniyi ngati umboni kuti apapa anati fodya ndi tchimo, koma vuto linali malo, anthu amasuta, kutafuna ndi kufwenkha fodya Misa ili mkati, mpaka ansembe ena pa guwa penipeni, nsalu zopatulika n'kumada. Mu 1725 Papa Benedict XIII anachotsa chilango cha ku Rome chija. Chinthu choipa mwachibadwa papa sangachivomereze patapita zaka 75, limeneli linali lamulo la ulemu m'nyumba ya Mulungu basi. Komanso pali Pier Giorgio Frassati, mnyamata wa ku Turin amene anamwalira mu 1925 ali ndi zaka 24, zithunzi zake zotchuka ali m'phiri kaliwo ali pakamwa, ndipo mu 2025 Mpingo unamulengeza kuti ndi woyera. Kaliwo sanamutsekere khomo.

Tsopano musasangalale msanga achimwene, chifukwa apa mpomwe ine ndimasiyana ndi Akatolika anzanga amene amangoimira pomwepa n'kuyatsa ina.

Frassati sankadziwa zomwe inu ndi ine tikudziwa. Mu 1950 akatswiri awiri ofufuza za matenda a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anatulutsa kafukufuku woonetsa kugwirizana kwa kusuta ndi khansa ya m'mapapo, ndipo mu 1964 mkulu wa zaumoyo m'boma la America anatulutsa lipoti lomwe linatseka mkangano. Lero bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo mwa osuta amene sasiya, mpaka theka amafa naye. Katekisimu yemweyo pa ndime 2288 amati moyo ndi thanzi ndi mphatso zomwe Mulungu anatisungitsa, tiyenera kuzisamala moyenera poganiziranso anzathu. Ndime zonsezi zili pansi pa lamulo lachisanu, Usaphe. Si pansi pa za ulemu kapena ukhondo ayi, pansi pa Usaphe.

Ndiye funso limakhala loti muyeso wa fodya ndi uti? Wa chakudya timaudziwa chifukwa thupi limafuna chakudya, ukakhuta umasiya. Koma ndudu thupi silifuna ngakhale imodzi, ndipo madokotala amati palibe mlingo umene ungati uwu ndi wosavulaza. Katekisimu sanapereke nambala, ndiye akatswiri a za makhalidwe mu Mpingo amasiyana, ena amati wosuta kamodzikamodzi pa chisangalalo sanachimwe konse, ena amati ndi zomwe tikudziwa lerozi n'kovuta kupeza chifukwa chomveka chosutira tsiku ndi tsiku. Ine ndili ku mbali yachiwiriyi. Tiwerengere zanu: paketi ya ndudu 20 pa masiku awiri ndiye kuti 10 pa tsiku, pa zaka 14 zikupitirira 50,000. Ndikanakhala kuti ndikukunamizani ndikanati umenewo ndi muyeso, koma inunso mukudziwa kuti si muyeso.

Ku Vatican nakonso mphepo inatembenuka. Mu 2002 analetsa kusuta m'maofesi ndi malo otsekeka a anthu onse, kenako mu Novembala 2017 Papa Francisco analamula kuti kuyambira 2018 ndudu zisagulitsidwenso mu Vatican, ngakhale zinkabweretsa ndalama ndithu, chifukwa chake chinali choti Mpingo sungamapindule ndi chinthu chowononga thanzi la anthu. Sanati osuta onse ndi ochimwa, koma uthenga unamveka.

Pali zinthu zitatu zomwe ndikanakonda mudzifunse nokha usiku muli phee, ndipo choyamba ndi chimene chimandivuta kwambiri. Kodi utsi wanu akupuma ndani? Mwa anthu mamiliyoni aja, oposa 1 miliyoni ndi oti sanasutepo, amangopuma utsi wa ena. Ngati mumasutira m'nyumba muli ana, kapena pafupi ndi mayi woyembekezera, kapena m'galimoto mawindo otseka muli munthu wa mphumu, nkhani yasintha, sitikukambanso za kudziletsa tikukamba za chilungamo ndi chikondi kwa mnzako. Mwana wa zaka ziwiri sangakuuzeni kuti adadi tulukani panja. Munthu amene akudziwa bwinobwino kuti akudwalitsa mwana wake n'kumapitiriza osalabadira, ameneyo ndingamuuze mosaopa kuti nkhani yake ikhoza kukhala tchimo lalikulu. Chimodzimodzi amene dokotala wamuuza maso ndi maso kuti mtima wanu kapena mapapo anu afika poipa mukapitiriza mufa, iye n'kungoseka osayesa n'komwe.

Chachiwiri ndalama. Ngati pakhomo pakusowa zofunika koma ya paketi siisowa, pamenepo mwawalanda a m'banja mwanu. Ngati sizili choncho dumphani.

Chachitatu, bwana ndani pakati pa inu ndi nduduyo? Mu 1 Akorinto 6 momwemo, vesi 12, Paulo akuti zonse n'zololedwa kwa ine koma sindidzalola kulamulidwa ndi chilichonse. Imeneyi kwa ine ndiyo vesi ya osuta, osati 19 ija. Ngati Misa ikatalika maganizo amathawira kuthumba la jekete, ngati fodya akatha mumakalipira aliyense m'nyumba, mukudziwa kale yankho.

Koma chodabwitsa n'chakuti chibaba chomwechi chimene chikukumangani ndi chimenenso chimachepetsa mlandu wanu. Kuti tchimo likhale lalikulu, lija lochotsa munthu m'chaulere cha Mulungu, pamafunika zinthu zitatu pamodzi malinga ndi ndime 1857: nkhani ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino kuti ndi yoipa, ndipo achite mwadala ndi ufulu wonse. Ndime 1735 imawonjezera kuti kusadziwa, mantha, chizolowezi ndi zina zotero zimatha kuchepetsa kapena kuchotseratu mlandu. Nikotini, mankhwala opezeka mu fodya, amagwira ubongo zenizeni, si nkhani ya kufooka mtima chabe, anthu ambiri amayamba ali achinyamata asanaganize bwino ndipo amayesa kusiya kangapo asanapambane. Munthu amene akufuna kusiya, wayesa, wagwa, wayesanso, sali pamalo amodzi ndi amene akuti thupi ndi langa zindisiyeni. Koma chenjerani, mawu oti ndi chizolowezi asasanduke bulangete lofunda zaka zina 14. Chizolowezi chimachepetsa mlandu wa ndudu ya lero, sichichotsa udindo wofuna thandizo.

Tsopano za Ukaristia zomwe zikukusowetsani tulo. Chimene chimaletsa munthu kulandira ndi tchimo lalikulu lomwe akulidziwa ndipo sanalape. Mwanena nokha kuti simunkadziwa ngati ndi tchimo, ndiye simunabise dala kanthu kokalapa, kulapa kwanu kwa m'mbuyomu sikunawonongeke ndipo sindikuona chifukwa choti muzidziona ngati mwakhala mukulandira mwakuba. Palibe lamulo la Mpingo loti wosuta asalandire. Ngakhale kusala kwa ola limodzi tisanalandire, lamulo la Mpingo nambala 919 limakamba za chakudya ndi chakumwa kupatula madzi ndi mankhwala, fodya silimutchula, ngakhale kunena zoona kupita kukalandira Ambuye mkamwa mukutuluka fungo la ndudu yomwe mwazimitsa pageti la tchalitchi, eee, ulemu wake ndi wochepa ndithu.

Kodi muzitchula kokalapa? Machimo aang'ono sitikakamizidwa kuwatchula koma Mpingo umalimbikitsa kutero, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanatchula ulendo ukubwerawu. Osangoti ndimasuta fodya basi, wansembe angokuyang'anani. Nenani zenizeni: ndimasuta ndudu 10 pa tsiku, ndikudziwa zikundiwononga, nthawi zina ndimasutira pafupi ndi ana, sindinayesepo kusiya mwa siliyasi. Chimene chili chanu pamenepo nenani, chimene si chanu siyani. Ansembe amasiyana, wina adzakuuzani kuti si nkhani yaikulu, wina adzakukhalirani pansi, mwinanso wina ndi wosuta mnzanu, zimachitika. Musadabwe nazo, pamene Mpingo sunaike nambala chikumbumtima chanu chiyenera kugwira ntchito, bola chikhale chophunzitsidwa osati chogonekedwa.

Ndiwonjezere kuti ndime 2289 imachenjezanso za kupembedza thupi, kuliona thanzi ngati mulungu. Ndiye osasuta asamadzimve ngati oyera kale, alipo ambiri mapapo oyera mbee koma lilime lakupha.

Mukaganiza zosiya, pemphero ndi chipatala ziyendere limodzi. Kuli mankhwala othandiza chibaba, timapepala tomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini, dokotala akhoza kukuuzani choyenera thupi lanu. Masiku oyambirira ndiwo owawa, mutu, kukwiya, kusowa tulo, koma zimatsika pakapita masabata ochepa, ndipo thupi limayamba kudzikonza msanga kuposa mmene anthu amaganizira ngakhale kwa wosuta zaka zambiri. Akatolika ambiri amagwiritsa ntchito Lenti, masiku 40 aja, ngati poyambira. Ena Pasaka ikafika amabwerera, ena sabwereranso. Ngakhale musanasiye, kusutira panja kutali ndi ana mungayambe lero lomwe, sikufuna mankhwala.

Za akazi anu, pa lamulo la Mpingo aphonya, imeneyo ndanena kale. Koma musatenge nkhani ino kukawaonetsa pa foni ngati mwawina mlandu kukhoti chonde. Sindikuwadziwa, koma ndikukayika ngati vuto lawo ndi ndime za Katekisimu. Iwowo ndi amene amamva mukutsokomola usiku, ndi amene amachapa malaya onunkha utsi, ndipo mwina ananenapo za thanzi lanu kambirimbiri inu osamva mpaka anaona kuti chotsala n'kutchula Ukaristia basi. Madzulo ano afunseni chimene akuopa kwenikweni, ndipo akamayankha nduduyo ikhale kaye m'paketi.