Musathamangire kuwapatsa khasu

Achemwali ena andilembera imelo sabata yatha. Amagwira ntchito kubungwe lothandiza anthu, ndipo akufunsa ngati si bwino kuphunzitsa ulimi mitundu ya anthu imene imadalira kutola zomera za m'mitsinje, poti nyengo yasintha ndipo zomerazo zikutha. Funsoli landifika pamtima, achemwali, chifukwa inenso ndinalifunsapo, ndipo yankho lake sindinaliiwale.

Ndili pasukulu ku Minnesota m'dziko la America, mnzanga wa mtundu wa Ojibwe, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a kumeneko, ananditenga kokakolola manoomin, mpunga womera wokha m'madzi osaya a m'mitsinje ndi m'nyanja. Kunali kumayambiriro kwa Seputembala. M'bwato mumakwera anthu awiri. Wina amaimirira kumbuyo n'kumakankha ndi mtengo wautali, wina amakhala pansi atagwira timitengo tiwiri: kena kokokera mapesi m'bwato, kena kogogodera ngala pang'onopang'ono. Njere zakupsa zimangoti waa! Koma zambiri zinkagwera m'madzi, ine mtima n'kumandipweteka. Titafika kumtunda ndinafunsa azakhali ake kuti bwanji osangoulima m'munda n'kukolola wonse. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Zagwera m'madzizo ndi mbewu ya chaka chamawa. Zina ndi za abakha."

Madzulo ake ndinaona ntchito yotsala: kuuyanika, kuukazinga m'chimphika chachikulu uku akutakasa kuti usapserere, kuuponda ndi mapazi, kenako kuupeta. Ana anali pomwepo, manja ali m'ntchito.

Mpungawu ndi wosachedwa kukhumudwa. Mbewu yake imafuna kugona m'matope ozizira kwambiri kwa miyezi ingapo isanamere, tsono nyengo yozizira ikafunda kameredwe kamasokonekera. Mu Juni masamba ake amayandama pamwamba pa madzi mizu isanagwire bwino, ndipo madzi akakwera mwadzidzidzi amauzula wonse. Ndi zimene chigumula cha mu Juni 2012 chinachita kudera la a Ojibwe la Fond du Lac, pafupi ndi mzinda wa Duluth. Chilimwe chikatentha ndi chinyezi, matenda a madontho ofiirira amagwira masamba.

Koma ndinene mosabisa: si nyengo yokha. Madamu, ngalande ndi madzi oipa ochokera kumigodi zinayamba kale kuwononga mpungawu. Minnesota inaika malire a sulfate, mtundu wina wa mchere umene umawononga mpungawu ukachuluka, m'madzi omera mpungawu mu 1973, koma kwa zaka zambiri lamuloli silinkatsatidwa kwenikweni. Nanga bwanji wosintha akhale wotola, yemwe sanawononge kanthu? Zimenezi zimandipsetsa mtima. Pangano la 1837 pakati pa Ojibwe ndi boma la America linatchula mpungawu, kuti anthuwo apitirize kuutola m'malo amene anapereka kubomalo. Mu 2018 a Ojibwe a kudera la White Earth ku Minnesota anakhazikitsa lamulo lawo lonena kuti manoomin uli ndi ufulu wokhalapo ndi kuchulukana. Mmenemu ndi mmene amauonera.

Ndipotu kuulima kunayesedwa. Masiku ano umalimidwa m'minda ku Minnesota ndi ku California n'kumakololedwa ndi makina. Unadzaza m'masitolo motsika mtengo, otola pamanja n'kutsala akuvutika kupeza msika.

Tsono muchite chiyani?

Pitani nawo kumtsinje nyengo yokolola isanathe, musanalembe pulani iliyonse. Funsani akuluakulu kumene zomerazo zinkamera kale ndi chimene chinasintha pamadzipo. Ndalama zanu zipite poyeza kukwera ndi kutsika kwa madzi, pofesanso mbewu m'malo amene zinatha, ndi poteteza ufulu wawo wofika kumtsinjeko. Za munda muzikambe eni ake akaziyamba okha.