Za Gabadinho zomwe mwafunsa achimwene

Achimwene mwafunsa kuti Gaba anachitapo chani chenicheni kuti anthu tizingomutama chonchi, poti inu mpira mwayamba kuutsata posachedwa. Ndikuyankheni.

Mnyamatayu dzina lake ndi Frank Mhango, kwawo ku Rumphi, anabadwa 1992. Kuno anatchukira ku Bullets kenako 2013 anapita ku South Africa kukasewera Bloemfontein Celtic, anadutsako ku Golden Arrows, koma pomwe anakhwimira ndi ku Bidvest Wits komwe anatenga nawo ligi ya 2016/17. Ku Orlando Pirates sizoni ya 2019/20 anamwetsa zigoli 16, analingana ndi Peter Shalulile nkugawana mphoto ya omwetsa zigoli zambiri. Mmalawi ameneyo, mu ligi ya eni ake!

Koma ine chomwe sindidzaiwala ndi AFCON, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ya ku Cameroon Januwale 2022. Zimbabwe anaimwetsa ziwiri yekha tinawina 2-1, Flames nkudutsa mu gulu koyamba mmbiri yathu. Ndiye tsiku la Morocco lija tinadzadzana pa shop ina pa Chinamwali kuonera, gemu itangoyamba kumene Gaba anaona Bounou, goloboyi wa Morocco, wasuntha pagolo nkuumenya ali kutali kwambiri, mpira uja nkulowa, aaa anthu anakuwa mpaka akabaza kuima panseu, ine misozi inatuluka ndithu. Tinaluzabe 2-1, En-Nesyri ndi Hakimi anatipweteka.

Atachoka Pirates anakasewera AmaZulu, kenako Swallows. Chigoli cha Morocco chija kachioneni pa YouTube achimwene.